Liwombo la Chisomo Labwerera

Mwaswera bwanji nonse?

Mdzukulu wanga Chisomo wakhala akusanza ndi kutsegula m'mimba kuyambira m'mawa. Pochokera kothyola tiyi ndapeza liwombo lalowa ngati kambale. Ine ndiye kuthamangira mankhwala opaka aja anatisiyira agogo ochokera ku Mozambique.

Mayi wake, Esinati wanga, wandigwira dzanja. "Ayi amayi, thupi lauma ili. Akufunika madzi."

Wamuyamwitsa, n'kumamumwetsa madzi a mchere ndi shuga a ORS ndi kasupuni pang'onopang'ono njira yonse mpaka kuchipatala. Mwanayo akasanza, Esinati amadikira kaye n'kuyambiranso. Adokotala ati ndi kachilombo ka m'mimba, ndipo chamupulumutsa ndi kasupuniko.

Pano Chisomo akuseka, liwombo labwerera, wanyowetsa kale matewera awiri.

Ndalera ana asanu, koma lero wandiphunzitsa ndi wanga yemwe. Tanenani abale, sindinabereke ine?