Funso la Pakhonde

Ntchitoyi anandipezera ndi a Nachisale, namwino amene timaimba nawo kwaya, nditangolemba mayeso a Fomu 4. Pachipatala china chaching'ono kufupi ndi Kamwendo panabwera kafukufuku. Ankatenga magazi a amayi achikulire kuti aone ngati m'magazimo muli zizindikiro zoneneratu amene angadzadwale khansa ya m'kati mwa chiberekero. Ine ndinkamata manambala pa timabotolo, kutitembenuza pang'onopang'ono kuti magazi asaundane, n'kutiika m'bokosi la ayezi. Ndinkakwezanso amayiwo pasikelo ndi kuwayeza m'chiuno ndi tepi.

Otiyang'anira anali a Kaliwo ochokera ku Lilongwe, a nsapato zosongoka, odziwa bwino nkhope ya foni yawo kuposa ya wodwala aliyense. Pafomu panali funso lakuti: kodi mwaonapo magazi chisiyireni kusamba? Woyankha kuti inde sankadikira zotsatira za kafukufuku, ankalemberedwa kalata yopita kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. A Kaliwo ankafunsira funsoli pakhonde, mokuwa ngati woitanira minibasi. Ndi mayi uti wa kwathu kuno angayankhe zotere kwa mwamuna, mpongozi wake ali pabenchi lomwelo? Onse ankati ayi. Bambowo ankachonga n'kumanyadira kuti, "Amayi a kumudzi ndi athanzi, eti!"

Lachinayi lina a Nabanda a ku Mavwere, amene anali atangoyankha kuti ayi, anandigwira dzanja ndikuwazunguliza tepi.

"Mwanangu, ndiwe wamng'ono, izi si zouza iwe," ananong'ona. "Koma ndakhala ndikuchapa nsalu zamagazi chikumbireni mtedza."

Ndinathamangira kwa a Kaliwo. Sanadzutse n'komwe mutu. "Fomu ndatseka kale. Ndifufute chifukwa cha manong'onong'o? Uli ndi pepala lanji la maphunziro iweyo?"

Pepala ndinalibe, koma miyendo ndinali nayo. Ndinawatenga mayiwo kupita nawo kuchipinda cha a Nachisale, omwe ankagwira ntchito pachipatala pomwepo, ndinatseka chitseko n'kuima panja. A Nabanda anatuluka kalata yopita kuchipatala chachikulu ili m'manja. M'mawa mwake a Kaliwo anandichotsa pasikelo n'kundituma kotsuka mabokosi, ntchito yomwe ndinagwira mpaka kafukufuku atatha. Mabokosi amenewo anali aukhondo kuposa mafomu awo.

Patapita milungu ingapo a Nabanda anatumiza uthenga kuti madokotala awapatsa tsiku la opaleshoni. Ndikufunabe kudzakhala namwino. Ndikadzavala yunifomu, ndisanatole jekeseni kapena cholembera, ndizidzayamba ndatseka chitseko.