Anandisiyira M'matumba a Zinyalala

Anzanga, ine chibwenzi ndinachipeza pa bini. Sekani, ndakulolani.

Ndinali nditangolowa m'nyumba yomwe tikukhala anthu asanu, aliyense chipinda chake, khitchini imodzi. Tsiku lachiwiri ndinaponya botolo la mafuta ophikira m'thumba la mapepala.

"Asisi, mwaphwanya lamulo," anatero mnyamata wina kumbuyo kwanga.

Anali wokonza mafoni, koma m'nyumbamo amamutchula kuti Tcheya chifukwa ndiye anayambitsa zolekanitsa zinyalala kuti zina zizikapangidwanso.

"Mapulasitiki umu, mapepala umu, mabotolo agalasi umu, zowola umo. Botolo muziyamba mwalitsuka. Mukasakaniza, a galimoto ya zinyalala amasiya zonse pageti."

"Ndiye mundimanga?"

"Ayi, ndikuphunzitsani."

Mtima wanga wopusawu unagwa pomwepo!

Miyezi isanu ndi itatu tinakondana mpaka anzathu kutopa nafe. Loweruka m'mawa tinkaponda makatoni limodzi, kumaseka ngati ana. Chipeso changa, mswachi, perefyumu, zonse zinasamukira kuchipinda kwake. Ndinkamulembera timakalata, kumatapo timaluwa ta pulasitiki, n'kulowetsa pansi pa chitseko. Wondithandiza mawu okoma anali nesi wa chipinda choyandikana ndi changa, yemwe ndinkamutcha sisi wanga.

Kenako Tcheya anayamba kuzizira. Ndikafunsa, "Busy, babe." Basi.

Ntchito yoyang'ana matumba komaliza timasinthana, ndipo ndandanda yake amalemba ndi iyeyo n'kumata pafiriji. Loweruka lapitali inali sabata yanga.

Nditsegule thumba la mapulasitiki... chipeso changa ndi mswachi.

La mabotolo... perefyumu wanga, yemwe anali asanafike ndi theka lomwe, atakhuthulidwa, botolo litatsukidwa kuti mbee.

La mapepala... makalata anga onse, atawongoledwa bwinobwino. Timaluwa tija atatimatula n'kutiika ku mapulasitiki. Palibe chomwe anasakaniza munthuyu.

Ndinathamangira kukhitchini. Ndinamupeza akumwa tiyi ndi sisi, sisiyo atavala juzi ya Tcheya.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa, makalata ali m'manja.

"Oh, wazipeza?" anatero Tcheya, osadzuka n'komwe. "Ndimadziwa kuti sabata ino ndi yako. Ine zokangana sindimatha, ndiye ndinati udzionere wekha."

"Ukundisiyira m'zinyalala?"

"Usakweze mawu. Ndipo fulumira, galimoto ifika 9 koloko."

Ndinayang'ana sisi kuti mwina andiyankhulira. Iye anaika kapu pansi mwaulemu.

"Botolo lija ndinatsuka ndine, dear, kuti usavutike. Fungo lake limandiyetsemulitsa ndikalowa kuchipinda kuja."

Anzanga, ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinawakhuthulira zowola kumutu. Lingakhale bodza. Ndinabwerera panja, ndinamanga matumba onse anayi, ndinawanyamula ndekha mpaka pageti, misozi ikugwera pa makalata anga omwe.

Bambo wa galimoto anasuzumira m'thumba lililonse n'kugwedeza mutu.

"Nyumba inoyo ndiye mumaitha ntchito, mayi. Ena bwenzi akuphunzira kwa inu."

Ine mpaka kunena kuti zikomo!

Zikundiwawa, anzanga, sindibisa. Munthu amene ndinkamuuza zakukhosi ndi yemweyo ankandiuza mawu oti ndilembe, kenako n'kukawawerengera kuchipinda komweko. Nyumba ina sindinaipeze. Khoma la pakati pa ine ndi sisi ndi lopyapyala, ndipo pamene ndikulemba izi ndikuwamva awiriwo akuseka.