Gasi wa Lonjezo

Ku Santhe mukati gasi, aliyense amaganiza za botolo lalitali lachitsulo la owotcherera. A Simeon, amuna awo a Ezelina, anagwira ntchito ndi botolo lotere zaka makumi awiri, kudula ndi kulumikiza mapaipi a mabalani a fodya. Magalasi akuda ankati amawachedwetsa. Lero maso awo amangoona nkhungu.

Mapaipiwo anthu amawatamabe. Amene ankagwira chitsulo kuti chisasunthe, nkhope atatembenuzira kumbali, satchulidwa. Anali a Ezelina, omwenso ankasenda mbatatesi n'kuika pa zikope zotupa za amuna awo. Pano ndiwo amawagwira dzanja popita kutchalitchi.

Choncho mwana wawo Lonjezo, amene anakaphunzira ku Joni, atalemba uthenga kuti wayamba ntchito yopanga makina a gasi odula zitsulo ndi kuwala, a Ezelina anangoganiza za botolo lija. Sukulu yonse ija n'kukathera pomwe bambo ake anasiya maso? Milungu itatu anasoka fodya m'chigafa osauza munthu chimene chinkawadya mumtima.

Lachiwiri lina masana Lonjezo anaimba foni yoonana nkhope.

"Iwe, magalasi ukuvala?" anayamba choncho a Ezelina, moni osapereka.

"Magalasi ati, amayi?"

"Usandiyese mwana. A gasi wakoyo."

Lonjezo anaseka mpaka foni inagwedezeka. "Amayi, ine sindigwira moto. Ndimakhala pa kompyuta, kuwerengera kutalika kwa paipi, mpweya wothiramo, ndi poika akalilole. Magetsi akadutsa mu mpweyawo pamabadwa kuwala. Tikakusonkhanitsa pamodzi ngati nsonga ya singano, kumadula chitsulo chokhuthala kuposa chala chanu. Timati leza."

"Leza?" anatero a Simeon ali pampando pakhomo pa chigafa. "Mwayamba kuweta ziphaliwali ku Joniko?"

"Eya abambo, koma chathuchi chili m'khola."

Lonjezo anayenda ndi foni kukawaonetsa chibokosi chachikulu ngati ngolo, chotsekedwa mbali zonse, chikulira. Atagwira chitseko n'kukoka, phokoso linaleka pomwepo.

"Mwaona? Ukatsegula chimazima chokha. Zimenezinso timazilingalira ndife. Ndipo tsiku loyesa makina atsopano, wopanda magalasi salowa."

A Ezelina anamva, koma mawu okha sanawakwane. Amuna awonso ankanena kuti palibe vuto.

"Sendeza diso kuno."

"Amayi, anzanga akundiona."

"Akuone. Koka chikope."

Lonjezo anamvera. Diso linadzaza foni yonse. A Ezelina anatuluka m'chigafa kuti aone bwino, natchinga dzuwa ndi dzanja la phula la fodya. Anafunafuna timitsempha tofiira timene ankatidziwa kuposa nesi aliyense. Kenako anaitanitsa diso linalo.

"Mwaona chiyani, amake Lonje?" anafunsa a Simeon.

A Ezelina anakhala pansi pa dothi pomwepo, miyendo atatambasula.

"Oyera," anatero. "Onse awiri."