Mutu Wanga Unaphunzira Chitamilu

Ndinavomera zopita ku India ndili m'munda wa mbatatesi kwathu ku Lobi, foni ili m'dzanja lamatope. Adokotala ena achimwenye, omwe ndinawagwirirapo ntchito ku Lilongwe, ankafuna munthu wokasamalira mayi awo okalamba ku Chennai, mzinda wa anthu oyankhula Chitamilu, kwa zaka ziwiri. Malipiro ake anali oti nyumba yathu ifoleredwa ndi malata. Chovuta chinali Tadala, mwana wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi, woti ndimusiye ndi amayi. Ndinamunamiza kuti ndikungofika ku Lilongwe, ndibwera Loweruka.

Mwezi woyamba ndinasungulumwa zedi. Chilichonse ndikafunsa, agogo aja ankangopukusa mutu. Tiyi ali bwino? Kupukusa. Ndipite ku Misa? Kupukusa. Ndinati basi sakundifuna, ndipo masabata atatu kutchalitchi sindinapondeko. Ndikaimba foni kumudzi, Tadala ankakana kuyankhula nane.

Kenako banja lonse linanditenga ulendo wa tsiku limodzi ku Mahabalipuramu, katauni ka m'mbali mwa nyanja yamchere. Ife a ku Dedza mwala sutidabwitsa, koma kumeneko ndinagwira pakamwa. Anthu akale anasema akachisi ndi njovu yathunthu m'matanthwe. Pali chimwala china chobulungira chokhala pamtsetse ngati chigubuduka lero lomwe, anthu nkumajambulitsa pansi pake. Ine ndinaima patali, ndinali ndi mwana woti ndilere. Madzi a m'nyanjamo ndinalawa mobisa, ndi amcheredi.

Dzuwa litandiwamba, ndinaloza kokonati kwa mayi wina wogulitsa. Anapukusa mutu, koma nkudula ndi chikwanje, nkundipatsa. Ndinafunsa Kavita, mdzukulu wa agogowo, kuti mayiyu akukana chiyani.

"Sakukana," anatero Kavita. "Kuno kuteroko ndi kuvomera."

Ndinaseka mpaka kukhala pamchenga. Kavita atawafotokozera agogo, nawonso anaseka nkundigwira tsaya. Kuyambira tsikulo tinagwirizana. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, tsabola wawo ndinamuzolowera, ndipo mutu wanga unayamba kuvomera ngati wawo osandiuza.

Nditabwerera, malata anali kung'anima ndithu. Tadala anali atatalika. Analandira diresi lomwe ndinamugulira ndi manja awiri ngati kwa mlendo, nkufunsa chapansipansi:

"Amayi, mukhalitsa?"

Mutu uja unandiyankhira. Mwana anaika diresi pamkeka nkuzungulira kuseri kwa nyumba.

"Iwe Lusiya," anatero amayi anga, "mwana akufunsa bwinobwino, iwe nkumukanira pamaso?"

Ndinamutsatira, nkumupeza atakhala pamulu wa mbatatesi zambewu. Ndinamuuza za mayi wa kokonati, ndinachita kumuonetsa kapukusidwe kake, koma sanaseke.

"Ndikhala, mwanawe. Sindipitanso."

"Nthawi ija munanenanso ndi pakamwa."

Kumudzi anali atandikhululukira kale chifukwa cha malata, koma mwana ameneyu malata sankamukhudza. Kenako anati:

"Ndiye mundipatse sutikesi yanu."

Ndinakhuthula zovala pabedi nkumupatsa. Anaikokera yekha mpaka kuseri, nkuidzaza mbatatesi zija imodziimodzi, mpaka zipi kukana kutseka.

"Izi tidzala mvula ikagwa," anatero. "Ine ndi inu."

Mvula inali idakali miyezi inayi kutsogolo. Sutikesi ija sindinaikhudze.