Kabokosi ka Uchembere

Alamu anga, akazi a achimwene, anandipeza kunyumba ku Morley, kuno kumaiko akunja, kuti ndiwathandize kusankha inshulansi ya chipatala pa webusaiti ya boma mwezi wa Julaye usanakwane. Achimwenewo anali kumgodi. Ine poti ndine namwino, ndinatsegula laputopu mwamatama, ana anga atatu akundikwera pamsana.

Tinadina za mano, za maso, za ambulansi. Kenako panabwera kabokosi ka uchembere, kamene kamakweza mtengo kwambiri. Ndinangokadumpha.

"Tabwererani pamenepo, alamu," anatero.

"Aaa, zaka zisanu ndi ziwiri m'banja kuli zii, lero muzilipirira bedi loberekerapo? Bwanji osangogula magalasi?"

Ndinaseka ndekha. Iwo anayang'ana m'kapu ya tiyi, n'kunena chapansipansi, "Dinanipo basi."

Ndinadina. Sindinapepese, ndinangowafunsa ngati shuga wakwana.

Papita zaka zitatu. Achimwene akuti kabokosi kaja amakalipirabe chaka ndi chaka, koma kwathu alamu sanapondekonso. Mwana palibe. Ndipo kuipa kwanga si pakamwa pokha ayi. Ndikawaona kutchalitchi, maso anga amathamangira pamimba pawo, kamtima n'kumati, "Ndinanena ine."