Tsiku Limene Abambo Anapachika Wezulo

Ndikukumbukira bwalo lafumbi la ku Mabopane kumene Abambo anga ankaimbira mpira Lamlungu lililonse. Masiku ena onse a sabata ankakhala kudera la azungu la Irene, atagwada m'maluwa a mzungu amene ankawaitana ndi dzina loti silinali lawo. Koma Lamlungu akavala kabudula wakuda, wezulo ali m'khosi, ngakhale zidakwa zinkawavulira chipewa, amvekere m'Chisutu, "Ntate Ref!" kutanthauza Bambo Woimbira. Anawasankha chifukwa anali Mnyasa. Asutu ndi Ashangani anagwirizana kuti munthu wopanda abale kuno ku Joni sangakondere.

Ankaimbira okha, opanda wonyamula mbendera ndi mmodzi yemwe. Mizere tinkalemba ndi phulusa la malasha la m'mbaula ya Amayi. Abambo ankathamanga bwalo lonse ndi maondo otupa aja, madzulo n'kumabuula Amayi akuwathowa ndi madzi otentha. Koma kuwauza kuti apume kunali kutaya malovu.

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, timu yathu ya anyamata inafika mu ndime yomaliza. Opambana ankalandira majezi ofiira, ndipo ine ndinali nditawalota sabata yonse. Abambo anakana kuimbira poti mwana wawo akusewera, koma akuluakulu a mbali zonse anawaumiriza: "Inu timakudziwani, imbani basi."

Kwa Abambo awa anali masewera achitatu kuimbira tsikulo, ndipo mphepo ya mu Ogasiti inkatithira mchenga m'mano. Chakumapeto, tisanagoletsane, ndinathamangitsa mpira chakumanja, pafupi ndi mayi wina wogulitsa malalanje. Mpira unadumpha mzere ndi phazi lathunthu. Ndinauona bwinobwino. Ndinaukokera mkati, n'kuuponya pakati, mnzanga Thabo n'kuumenya ndi mutu. Chigoli!

Eish, phokoso lake! Abambo anali kutali, pakati pa bwalo, akupumira m'mwamba, ndipo sanaone kanthu. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene ndinaima, thukuta lili chuchuchu, nandifunsa m'Chichewa, chimene panalibe wina wochimva pabwalopo.

"Iwe Yohane, mpira unatuluka?"

"Sunatuluke, Abambo."

Sanafunsenso wina. Analoza pakati, chigoli chalowa.

Mayi wa malalanje uja ndiye anayamba, manja m'chiuno, kulumbira kuti mpira unachita kugunda beseni lake. Kenako anabwera makoko a malalanje, kenako mchenga, kenako mawu aja: "Mnyasa wakuba! Wakondera mwana wake!" Abambo anamaliza masewerawo khoko litakanirira pamsana pa malaya awo. Jezi ndinalandira, koma inkandiyabwa ngati chitedze.

Titafika kunyumba anapachika wezulo pamsomali kuseri kwa chitseko, nandiyang'ana kumiyendo. Anangoti, "Kasambe mapazi, ali ndi phulusa."

Bola akanandikwapula. Lamlungu lotsatira anavala kabudula wakuda uja n'kukhala pakhonde, koma palibe anabwera kudzawatenga. Lamlungu linalo chimodzimodzi. Kenako anasiya kuvala. Kuyambira pamenepo sabata yonse anali munthu wa m'maluwa basi, mpaka maondo anakana ndi ntchitoyo.

Masiku ano pa wailesi yakanema oimbira alipo anayi, ena abisala m'kachipinda kubwereza zithunzi, koma adzukulu anga amakanganabe kuti akuchepa, awonjezere. Akandifunsa maganizo ndimangoti awonjezere, afike khumi ngati akufuna. Ndatopa nayo nkhaniyi, ndipo mpira sindiumaliza kuonera. Abambo anamwalira ndisanawapepese, ndipo wezulo uja ndili naye m'kabati, wachita dzimbiri. Iwo sankasowa oimbira anayi. Tsiku lija wowathandiza anali naye, ataima pamzere penipeni, ndipo anamufunsa m'chinenero cha kwawo.