Tiyi wa kwa Asewele

Mayi Mehrunnisa anakalamba akusoka timaluwa pa nsalu za anthu mumzinda wa Lucknow, ndipo chomwe ankanyadira kuposa singano yawo chinali mwambo. Makolo anawaphunzitsa kuti komwe wakwatitsa mwana wamkazi sudyako, ngakhale madzi sumwako. Choncho mwana wawo Nuzhat atakwatiwa ndi Tauqir, iwo ankapita kukamuona kwa apongozi ake Lachisanu lililonse, botolo la madzi lili m'chikwama.

Amake Tauqir, a Shakila, mwambowo ankaudziwa bwino, koma tiyi ankaphika ndithu. Ankamuika patsogolo pa mlendo, mlendo n'kukana mwaulemu, iwo n'kumwa makapu onse awiri. Zikatero miseche inkayamba, ya kudula kwa anyezi, ya mawondo, ya amuna awo omwe anamwalira osaphunzira kupachika thaulo. Nuzhat ankangopatsidwa moni n'kuiwalidwa. Kunena zoona, a Mehrunnisa analibe mnzawo wina padziko pano, kungoti akanalolera kumeza singano kusiyana n'kuvomera zimenezo.

Ukwati wa anawo unatha popanda phokoso. Tauqir anapita kukagwira ntchito kunja, Nuzhat anabwerera kwa amake ndi masutikesi ake. Achibale anagamula kuti ukwati ukatha chisewele chathanso, kunyumba ija phazi lisakapondekonso. A Mehrunnisa anamvera, ndipo masabata angapo anakhala akusoka maluwa okhota n'kumasula. Kenako Lachisanu lina anafunda nsalu kumutu n'kunena kuti akukagula ulusi.

A Shakila anatsegula chitseko osafunsa kanthu. Analowa kukhitchini n'kubwera ndi makapu awiri.

“Asewele, mukudziwa kuti ine muno sindimwa.”

“Mwana wanu sakhalanso muno. Mukana m'dzina la ndani?”

A Mehrunnisa anayang'ana kapu ija mtima ukuwawa, chifukwa kumwa kunali kuvomera kuti za ana awo zathadi. Koma kukana kunali kunyamuka osadzabweranso. Anainyamula ndi manja awiri n'kumwa pang'ono, kenako n'kufunsa:

“Zaka zonsezi ndimameza malovu chifukwa cha madzi otenthawa?”

A Shakila anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yawo, n'kunamizira utsi wa kukhitchini, ngakhale moto unali utazima kale.

“Ine ndinazolowera kuphika tiyi wokanidwa,” anatero. “Wakumwa sindimudziwa. Mubwere Lachisanu mudzandiphunzitse.”